Mankhwala Opeputsa Katundu wa Mtima

Tonsefe tinamvapo za matenda a BP, ndipo ambiri a ife tinapimitsapo pa mkono ku kiliniki. Koma pali BP ina imene makina a pa mkono saiona. Imeneyi imakwera m'mitsempha ya m'mapapo, ndipo madotolo amaicha pulmonary hypertension.

Mtima wathu uli ndi mbali ziwiri. Ya kumanzere ndi yamphamvu, pakuti imatumiza magazi m'thupi lonse. Ya kumanja ili ndi minofu yopyapyala, popeza nchito yake ndi kukankhira magazi pafupi pomwepa, ku mapapo. Mitsempha ya m'mapapo ikacepa njira ndi kuuma, mbali imeneyi imasenza katundu woposa msinkhu wake. Poyamba minofu yake imakhuthala, kenaka imafutukuka, potsiriza imalefuka. Pamenepo wodwala amacita befu pokwera kacitunda, miyendo ndi mimba zimatupa, ndipo nthawi zina amakomoka.

Nanga mankhwala amathandiza bwanji? Kwenikweni nchito yao ili m'mapapo. Amatsegula mitsempha yothinayo kuti magazi adutse mosavuta, ndipo katundu akapepuka, mtima umapezako mpumulo, kutupa kwake kumacepa, mphamvu n'kubwerera. Ku America epoprostenol anavomerezedwa mu 1995, ndipo amalowetsedwa m'mtsempha usana ndi usiku. Mapilitsi a bosentan anabwera mu 2001, sildenafil mu 2005, ndipo jakisoni wa sotatercept mu 2024. Kafukufuku wa mu 1991 anaonetsa kuti mankhwalawa asanabwere, theka la odwala mtundu woopsa wa matendawa linali kumwalira zaka 3 zisanathe. Lero ambiri amakhala zaka zoculukirapo. Palinso mapilitsi okodzetsa monga furosemide, amene amacotsa madzi oculuka m'thupi.

Komabe tisafulumire kuomba m'manja. Mu 2011 madotolo a ku Amsterdam anapeza kuti mwa odwala anai alionse amene mitsempha yao inatseguka ndi mankhwala, mmodzi mtima wake unapitirizabe kufooka. Ndiye cifukwa cake dotolo amajambula mtima kawirikawiri ndi makina a echo, ngakhale wodwala anene kuti akupezako bwino.

Tidziwenso kuti mankhwala otsegula mitsemphawa si a aliyense. Kwathu kuno matendawa angabwere cifukwa ca HIV, likodzo, zipsera za TB m'mapapo, sickle cell, kapena kuonongeka kwa mbali ya kumanzere ya mtima. Ngati gwero lake ndi mbali ya kumanzereyo, mankhwalawa angadzaze madzi m'mapapo. Mu 2009 kuyesa sildenafil pa odwala sickle cell kunaimitsidwa cifukwa ululu wao unawirikiza. Bosentan angavulaze ciwindi, conco magazi ayenera kupimidwa mwezi ndi mwezi. Amaononganso mwana wosabadwa. Kukhala ndi pakati kumalemetsa kwambiri mtima wotopa kale, motero banja likambirane ndi dotolo nthawi ikalipo. Sildenafil ndi Viagra yemwe uja amene ena amagula mobisa, ndipo akasakanizidwa ndi mankhwala ena a mtima kapena a HIV angagwetse BP moopsa.

Tsono ngati m'nyumba mwathu muli wina wa befu losatha ndi miyendo yotupa, tisamugulire mapilitsi pa msika. Timuperekeze ku cipatala, titanyamula mankhwala onse amene amamwa. Ndipo akayamba kulandira cithandizo, tisalole kuti asiyire panjira, pakuti kuleka mwadzidzidzi kumabwezera katundu yense pa mtima umene unali utangoyamba kupuma.