Kodi Zojambula za ku Chongoni N'zayani?

Mphunzitsi wina anandifunsa ngati ana a sukulu angaloledwe kukaona zojambula za m'mapanga a ku Chongoni, m'boma la Dedza, ndipo inenso kale ndinkayesa kuti cholowa chotere, chimene UNESCO inachilemba m'kaundula wake mu 2006, amachisungira alendo ochokera kutali.

Koma malo 127 a zojambulazi ali ngati nkhokwe ya pamudzi, imene imamatidwa kuti makoswe asalowe, osati kuti ana agone ndi njala. Zofiira anajambula Akafula, zoyera anajambula makolo athu Achewa pa miyambo ya chinamwali ndi nyau; chotero woyenera kuzimasulira m'chinenero chathu ndiye mkulu wa m'midzi yozungulira, pakuti mawu a akuluakulu akoma akagonera.

Aphunzitsi, pitani nawo anawo, koma asakhudze kapena kulemba pamwalapo.