Kusamala Nambala ya Kukwera kwa Mizere pa Kompyuta

Aphunzitsi, ophunzira anu akamajambula pulani ya nyumba kapena mapu pa AutoCAD, pulogalamu imene inatuluka mu 1982, akumbutseni kuti nsonga iliyonse ya mzere ili ndi manambala atatu. X ndi Y zimasonyeza malo, pamene Z imasonyeza kukwera kwake.

Vuto lake nali. Mukayang'ana pulani kuchokera pamwamba, Z sioneka. Mizere iwiri imaoneka ngati yakumana, chonsecho wina uli pansi, winawo uli m'mwamba. Zikatero muyeso umalakwika. Taonani: mzere wa paipi ndi wa mamita 40 pa pulani, koma nsonga imodzi yakwezedwa molakwika ndi mamita 30. Kompyuta iwerenga mamita 50, monga mwa lamulo la Pythagoras. Wogula mapaipi waluza ndalama za mamita 10.

Tsono chitani izi. Sankhani mzere, lembani LIST, muone Z ya nsonga zonse ziwiri. Ngati pulaniyo ndi yafulati, ikani Z pa 0. Ngati ndi mzere wa kontuwa, Z ikhale imodzimodzi kuyambira poyamba mpaka pomaliza.

Ntchito: Jambulani mizere itatu yokumana, kenaka yerekezani Z zake.