Mthenga wa Ululu

Abale a ku Chiuta, tikadya mlamba wothira tsabola, lilime liyaka moto. Chifukwa nchiani? Tsabola adzutsa mitsempha ya kumva, ndipo itulutsa kanthu kochedwa Substance P, kamene Ulf von Euler ndi John Gaddum anakapeza ku London m'chaka cha 1931. Kameneka kathandiza kutumiza mau a ululu ku ubongo, katupitsanso khungu.

Tisanyoze mthenga ameneyu. Khate liononga mitsempha yomweyo: munthu apsa ndi moto osamva, bala likula, chala chiduka, monga akulu anaona mwa odwala a ku Utale. Tsono tikaona banga lotumbuluka losamva kukhudza, tifulumire ku chipatala, pakuti khate lichira ndi mankhwala.