Mayina a Manambala m'Masamu a Sitandade 1

M'Chichewa nambala 7 imatchedwa "zisanu ndi ziwiri". Dzinali ndi samu kale, pakuti likuphatikiza 5 ndi 2. Tsono funso likati, "Lembani zisanu ndi ziwiri," mwana wina alemba 7, wina alemba 5 ndi 2. Onsewo akhoza, ndipo mphunzitsi pochonga sayenera kumana wachiwiriyo malikesi, chifukwa cholakwa chili m'funso.

Vutoli limakula pa ntchito yokachitira kunyumba, kumene mwana alibe mphunzitsi womufunsa. Nchifukwa chake olemba mabuku ndi aphunzitsi ayenera kulemba 6, 7, 8 ndi 9 m'manambala, kapena kunena momveka kuti, "Lembani nambala imodzi yotchedwa zisanu ndi ziwiri."