Madzi a m'Mpopi Ayeretsedwa Bwanji?

Madzi amene anthu a ku Chilenje, Kabwata ndi Woodlands atunga pa mpopi acokera ku malo awiri. Ena apopedwa mu mtsinje wa Kafue, ndipo ena aturuka m'zitsime zakuya zokumbidwa ndi makina pansi pa Lusaka peni-peni. Onsewa ayenera kuyeretsedwa asanafike kwa anthu.

A ku Kafue ndiwo afuna nchito yaikuru. Pa malo ochedwa Iolanda, pafupi ndi tauni ya Kafue, madzi ayamba apyola pa zitsulo zotsekereza udzu ndi zinyalala. Pamenepo athiramo mankhwala ochedwa alamu, amene asonkhanitsa timatope tating'ono tosakhoza kumira tokha, kuti tigwirane, tilemere, ndi kutsikira pansi. Amuna a ku migodi acidziwa cinthu ici, pakuti aona m'mathanki akuru a kwao momwe matope akhalira pansi, madzi oyera natsala pamwamba. Madziwo akadikha asefedwa pa mcenga, ndipo potsiriza athiridwa klorini wakupha tizirombo ta kolera ndi ta kamwazi. Klorini sangatsogole, cifukwa m'madzi amatope mphamvu yace ithera pa matopewo, tizirombo nitipulumuka. Ngakhale m'madzi osefedwa afuna theka la ora kuti atsirize nchito yace.

Madzi a m'zitsime aturuka ali mbee, ndipo kawiri-kawiri alandira klorini yekha. Koma maso anyenga. Mzinda wa Lusaka unamangidwa pa mwala wa laimu wodzala ndi ming'alu ndi mapanga, ndipo pa dzinja zonyansa za m'zimbudzi zokumba zitsika msanga kukasakanizika ndi madzi a pansi. Ici ndi cimodzi ca zifukwa zimene kolera anabukira mu October 2017, nabukanso mu October 2023, kufikira kuti bwalo la mpira la National Heroes linasanduka cipatala.

Cifukwa cace klorini pang'ono ayenera kutsala m'madzi kufikira pa mpopi wotsiriza; a World Health Organization ati asacepere mamiligiramu 0.2 pa lita imodzi. Ambiri adandaula ndi kafungo kace, koma kafungoko ndiko mboni yakuti mlonda akali m'madzimo. Afunikadi, pakuti madzi akaleka kubwera, mipopi yong'ambika iyamwa zonyansa za m'nthaka.

Woyang'anira zonsezi ndi bungwe la NWASCO, lobadwa ndi lamulo la madzi la 1997. Ilo lipereka cilolezo kwa makampani, monga Lusaka Water Supply and Sanitation Company, niliwakakamiza kupima madzi ao molingana ndi miyeso ya Zambia Bureau of Standards.

Komabe pali zina zimene klorini sangazithe, ndipo ciphe ca ku migodi ndi cimodzi ca izo. Mu February 2025 damu la zotsalira la Sino-Metals pafupi ndi Chambishi linagumuka, asidi nalowa mu Mwambashi ndi mu Kafue, mtsinje womwewo umene Lusaka amwako. Nsomba zinafa, ndipo ku Kitwe makina opopa madzi anaimitsidwa. Mankhwala amene anafunika pamenepo anali laimu, amene anathiridwa mu mtsinje kuti aphe ukali wa asidiyo.