Mutu 6: Ngongole ya Gawo Lachiwiri

M'makonde a masitolo ku Limbe ndi m'mbali mwa misewu ya pakati pa mzinda wa Blantyre, ogulitsa mabuku akaunjika amayala katundu wawo pa makatoni: mabuku a sukulu kutsogolo, a nkhani kumbuyo, ena opanda chikuto, ena omatidwa selotepi pamsana. Pa mulu wakumbuyowo kawirikawiri pamapezeka mayina awiri, James Hadley Chase ndi John Grisham. Amene anakonda buku la Grisham lotchedwa The Firm, lomwe linatuluka mu 1991, anadikira zaka 32 kuti amve zimene zinachitikira Mitch McDeere pambuyo pake. Mu 2023 bukulo linabwera, The Exchange, ndipo owerenga ambiri atalimaliza anangoti kukamwa yasa. Zikatere anthu amafulumira kugamula mlandu: mkuluyu watha, wakalamba, amangofuna ndalama. Chigamulo chimenechi n'chaulesi, ndipo chimasokeretsa achinyamata amene akuphunzira kulemba. Zifukwa zenizeni zilipo zitatu, ndipo tiziona motsatana: mamangidwe a nkhani ya zaupandu, zaka zodikira, ndi msika.

Tiyambe ndi mamangidwe, chifukwa mutu wa nkhani wagona pamenepa. Nkhani ya zaupandu ndi ngongole. Pa tsamba loyamba mlembi amakongola chidwi cha wowerenga pomuponyera funso: ndani wapha munthuyu, kapena, kodi mnyamatayu atulukamo wamoyo? Masamba onse otsatira ndi nthawi imene wokongola akuzengereza kubweza, ndipo kukoma kwa bukulo kuli m'kuzengerezako. Pampondachimera ngongole imabwezedwa yonse, funso layankhidwa. Mu The Firm, Mitch ndi loya wachinyamata wochokera m'banja losauka, wangomaliza kumene ku Harvard, ndipo kampani yaing'ono ya maloya ku Memphis yamukopa ndi malipiro ochuluka ndi galimoto. Kenako akutulukira kuti kampaniyo ndi ya zigawenga za Mafia za ku Chicago, kuti maloya amene anafuna kuchokamo anafa imfa zosadziwika bwino, ndiponso kuti a FBI akumukakamiza kuti akhale kazitape wawo. Kutsogolo kuli moto, kumbuyo kuli moto. Alibe womudalira, sadziwa amene akumvetsera zimene akulankhula ndi mkazi wake Abby m'nyumba mwawo momwe. Wowerenga sanakonde Mitch chifukwa cha dzina lake kapena khalidwe lake. Anakonda msampha umene anakodwamo. Atathawa n'kukafika ku zilumba za Caribbean, msampha unaonjoka, ngongole inatha.

Tsopano taonani zimene The Exchange inapatsidwa kuti igwiritse ntchito. Nkhani ikuchitika patapita zaka 15. Mitch ndi mmodzi wa akuluakulu a kampani yaikulu ya maloya ku New York, ali ndi nyumba yabwino, ali ndi ana. Loya mnzake wamkazi wagwidwa ndi zigawenga ku Libya, ndipo akufuna dipo la madola 100 miliyoni. Pakamwa chiwerengerochi chikumveka chachikulu kuposa chilichonse cha m'buku loyamba, koma funso lasintha. Poyamba linali lakuti, kodi Mitch apulumuka? Tsopano ndi lakuti, kodi Mitch asonkhanitsa ndalamazo nthawi isanathe? Choncho masamba ambiri amathera m'ndege, m'mahotela ndi m'misonkhano. Zigawenga zimene anazithawa zija sizimubwerera. Chiganizo chilichonse pachokha chikhoza kukhala cholembedwa bwino, koma munthu amene khosi lake lili pampeni si amene tikuyenda naye, ndipo amene tikuyenda naye ali pabwino. Apa palibe za ukalamba wa mlembi. Vuto ndi lakuti mpangankhani anabwerera, koma chimene chinkamupangitsa kukhala wosangalatsa chinatsala mu 1991.

Mfundo imeneyi imatithandiza kugawa ampangankhani a nkhani za zaupandu m'magulu awiri, ndipo amene wamvetsa kusiyanaku angathe kulosera gawo lachiwiri lisanatuluke n'komwe. Gulu loyamba ndi la munthu amene mavuto ndiwo ntchito yake: wapolisi wofufuza milandu, loya wa m'khoti, mtolankhani. Ameneyu mlandu ukatha, mawa m'mawa wina agogoda pakhomo ndi mlandu watsopano, ndipo palibe amene adabwe. Sherlock Holmes ndi wa gulu ili. Arthur Conan Doyle anamupha mu 1893 atatopa naye, koma atamubwezeretsa patapita zaka pafupifupi khumi, owerenga anamulandira ndi manja awiri, chifukwa Holmes sankafunika kugwanso m'dzenje. Ankangofunika kasitomala wina. Gulu lachiwiri ndi la munthu wamba amene tsoka linamugwera kamodzi. Ameneyu nkhani yake ndi imodzi basi. Kuti abwerere, mlembi ayenera kumugwetseranso tsoka lina, ndipo wowerenga amayamba kufunsa kuti, kodi munthu mmodzi yemweyu analakwanji? Apo ayi, mlembi amusiye ali pamtendere n'kugwetsera tsokalo munthu wina, monga zinachitikira ku Libya kuja. Njira zonse ziwiri n'zoterera.

Umboni wamphamvu ukuchokera kwa Grisham yemweyo. Buku lake loyamba, A Time to Kill, linatuluka mu 1989, ndipo lotsatira lake, Sycamore Row, linabwera mu 2013, patapita zaka 24. Linalandiridwa bwino. Mlembi ndi yemweyo, kudikira kunali kwa nthawi yaitali chimodzimodzi, koma Jake Brigance ndi loya wa m'tauni yaing'ono amene ntchito yake ndi kulandira milandu, ndipo anangopatsidwa mlandu wina wa chuma cha masiye. Amene amati Grisham anangokalamba afotokoze chifukwa chimene buku lina linayenda pamene lina linatsimphina. Nayenso James Hadley Chase, amene mabuku ake anazungulira m'madesiki a masukulu a sekondale kuno kwathu mpaka kuthothoka masamba, ankaidziwa bwino mfundoyi. Pa mabuku ake pafupifupi 90, ambiri amayamba ndi anthu atsopano ndi umbombo watsopano. Atafuna kupitiriza No Orchids for Miss Blandish ya mu 1939, analemba The Flesh of the Orchid mu 1948, koma nkhaniyo anaisenzetsa mwana wamkazi wa mayi wa m'buku loyamba uja. Dzina linali lakale, khosi lili pampeni linali latsopano.

Wina atsutsa kuti, nanga bwanji The Silence of the Lambs ya Thomas Harris, ya mu 1988? Inali yotsatira Red Dragon ya mu 1981, ndipo inatchuka kuposa yoyambayo. N'zoona, koma taonani chimene Harris anachita. Anachotsa wofufuza wa m'buku loyamba n'kuika Clarice Starling, mtsikana amene akadali pa maphunziro a FBI, wopanda udindo, woti akhoza kutaya zonse. Wakupha anthu wa m'buku loyamba, Hannibal Lecter, anakhalabe m'chitokosi, akuoneka pang'ono pang'ono, woopsa chifukwa sitikumumvetsa. Patapita zaka 11, mu 1999, kunabwera Hannibal. M'menemo Lecter ali pamtetete ku Florence, nkhani yazungulira iye, mlembi wayamba kutifotokozera za ubwana wake, ndipo pamapeto Clarice akupita naye limodzi. Ena analiyamikira bukuli, koma owerenga ambiri anakwiya ndi matherowo, ndipo filimu ya mu 2001 inawasintha. Choncho chitsanzo chimene wotsutsa wabweretsa chikuikira umboni mfundo yathu kawiri: gawo lachiwiri linapambana chifukwa linapeza munthu watsopano woti timuopere, lachitatu linagawanitsa anthu chifukwa linayatsa nyali pamalo pamene mdima ndiwo unkagulitsa buku.

Apa mpofunika kupatuka pang'ono, chifukwa zolakwika pa kalembedwe ka gawo lachiwiri zafala pakati pa olemba achinyamata a ku Ndirande, Chilomoni, Bangwe ndi Zingwangwa, ndipo gwero lake likudziwika. Anakulira m'mavidiyo sho, momwe bolodi la pakhomo linkalembedwa ndi choko kuti filimu ya ku Nigeria, Part 1 ndi Part 2, ndipo aliyense ankadziwa kuti pofika pokoma chithunzi chiima, ulipirenso. Koma zimenezo nthawi zambiri sizinali nkhani ziwiri. Inali nkhani imodzi yodulidwa pakati, ngongole isanabwezedwe, ndipo theka linalo linali m'kabati momwemo. Wolemba amene wazolowera zimenezi amamaliza nkhani yake osaulula wakupha, n'kulemba pansi kuti ipitirira, akuganiza kuti wakola wowerenga. Sanamukole, wamubera. Wina amachita zosiyana: amaulula zonse bwinobwino, wachifwamba wamangidwa ku Chichiri, kenako anthu akayamikira, amamutulutsa m'ndende popanda chifukwa chomveka kuti akabwezere. Wachitatu amaganiza kuti mankhwala ndi kukulitsa zinthu: poyamba anaba galimoto ku Ginnery Corner, tsopano aphulitse banki; poyamba anafa mmodzi, tsopano afe khumi. Mantha a wowerenga sayezedwa ndi kuchuluka kwa mitembo. Mlonda mmodzi amene waona nkhope ya wakuba, ndipo wakubayo akudziwa kumene mwana wa mlondayo amaphunzira, amagwira mtima kuposa mzinda wonse ukuyaka.

Njira ina inaonetsedwa mu Blantyre momwe muno. Aubrey Kalitera, amene buku lake A Taste of Business linasindikizidwa ku Nairobi mu 1976, anayamba kudzisindikizira yekha mabuku pansi pa dzina la Power Pen Books, ndipo kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980 anatulutsa motsatizana mabuku a mitu yapachibale monga Why Father Why, Mother Why Mother ndi Why Son Why. Mutu wokha unkauza wogula mtundu wa nkhani imene akugula, ndipo lina linkafika lina lisanazizire m'maganizo.

Zimenezi zikutifikitsa pa zaka zodikira. Ngongole ya gawo lachiwiri ili ngati katapila: ikachedwa, chiwongoladzanja chimaposa ndalama imene inakongoledwa. Kwa zaka 32 wowerenga aliyense wakhala akudzilembera yekha mathero m'mutu, ndipo palibe buku limodzi limene lingafanane ndi mabuku onsewo. Komanso amene anawerenga The Firm ali ndi zaka 19, usiku ndi kandulo, ankadziona yekha mwa Mitch, mnyamata wosauka wofuna kutukuka. Lero ali ndi zaka zoposa 50, wawerenga mabuku ena mazana, zinyengo za alembi akuzidziwa. Pamenepa wina anena kuti ndiye kuti vuto lonse lili ndi wowerenga, akulira unyamata wake, osati buku. Mbali ina n'zoona, koma sizikwanira. Chikhala kuti kudikira kokha ndiko kumapha buku, Sycamore Row ikanagwa chimodzimodzi. Kudikira kumakulitsa chilema chimene chilipo kale, sikuchibala.

Za msika n'zachidule. Dzina lodziwika limagulitsa buku lisanawerengedwe, ndipo osindikiza amadziwa zimenezi. N'chifukwa chake Stieg Larsson atamwalira mu 2004, nkhani zake za Lisbeth Salander zinapitirizidwa ndi David Lagercrantz kuyambira 2015. Koma kufuna ndalama kumangofotokoza chifukwa chimene buku linalembedwera, sikufotokoza chifukwa chimene linazizirira. Chase ankalemberanso ndalama.

Choncho amene waima pa makatoni aja, atagwira gawo lachiwiri la buku limene analikonda, asayang'ane dzina la mlembi kapena mawu otamanda a pachikuto. Awerenge chidule cha kumbuyo n'kudzifunsa kuti, m'nkhani iyi ndani angataye zonse, ndipo kodi ndi amene ndiyende naye? Wolemba naye adzifunse funso lomwelo asanalembe tsamba loyamba. Likasowa yankho, mpangankhani wakale uja amusiye apume, ayambe buku lina ndi munthu wina. Owerenga angadandaule kuti sanamvenso za ngwazi yawo, koma kudandaula kotere kumawabwezera ku buku loyamba kukaliwerenganso, pamene gawo lachiwiri lozizira limawachititsa kukayikira ngati loyambalo linalidi lokoma.