Foni ndi ya mayi, nanga nambala yachinsinsi akusunga ndani?

Galimoto ikangoima pa Chimbiya kapena pa mphambano ya ku Bembeke m'boma la Dedza, amene amathamangira pazenera ndi ndowa za mbatatesi, tomato ndi kabichi kawirikawiri amakhala amayi. Ndiwo amapirira chisanu cha mu Juni, ndiwo amatsatsa, ndiwonso amalimbana ndi wogula pa mtengo. Koma wogula akafunsa kuti, "Ndilipire pa Airtel Money kapena pa Mpamba?" amayi ena amatchula nambala ya bambo a kunyumba. Thukuta la tsiku lonse limakagwera m'thumba la munthu amene sanasenzeko ndowa ndi imodzi yomwe.

Tinkayembekeza kuti foni idzamasula mayi wa kumudzi, ndipo penapake yam'masuladi. Amafunsa mitengo ya ku Lilongwe ali pakhonde, amalandira ndalama kuchokera kwa mwana wake wa ku Joni, amaponya masheya ku banki m'khonde osadikira munthu. Chimene chimandiwawa n'chakuti nkhanza zakale nazo zalowa momwemo. Kuli mabanja amene bambo amagula foni n'kulembetsa simu pa chiphaso chawo, nambala yachinsinsi n'kusunga okha. Usiku amafufuza mauthenga, akafuna amalanda foniyo. Ikalira mayi ali kudimba, funso limamudikira pakhomo: "Anakupatsa nambala ndani ameneyu?" Foni ya bambo, ikhale ndi loko zingati, palibe amene amaifunsa.

Izi zikuchitika ku dera limene mwambo wa chikamwini unkapatsa mkazi mphamvu pa munda ndi pa ana. Agogo athu aakazi ankadziwa zimene zili m'nkhokwe. Mdzukulu wawo sadziwa kuti mu akaunti yake mwatsala zingati.

Kwa atsikana bala lake ndi lina. Mnyamata amachonderera chithunzi cha maliseche, akulumbira kuti n'cha maso ake okha. Chibwenzi chikatha, chithunzicho chimayenda m'magulu a WhatsApp a kusukulu, a kumsika, ngakhale a kutchalitchi. Wotukwanidwa kuti hule ndi mtsikanayo. Ndiye amasiya sukulu, ndiye amathawira kwa azakhali. Amene anachifalitsa amayenda momasuka, anzake akumutama.

Khalidweli tinaliwonapo poyera. Mu Januwale 2012 mavenda ena ku Lilongwe ndi ku Mzuzu anavula amayi ovala mathalauza ndi masiketi aafupi pamsewu, ngakhale lamulo la kavalidwe la 1973 linali litachotsedwa kalekale. Amayi anachita zionetsero ku Blantyre ndipo dziko linadzudzula. Lero kuvulako kukuchitikira m'foni, oonerera ndi ochuluka kuposa a pamsewu aja, ndipo aliyense wotumiza chithunzi kwa mnzake wagwirako nsaluyo.

Makolo a kuno sankaiona mopepuka nkhani ya thupi la mkazi. M'mapanga a ku Chongoni, amene UNESCO inawaika pa mndandanda wa chuma cha dziko lonse mu 2006, muli malo 127 a zojambula pamiyala. Zambiri mwa zojambula zoyera za Achewa zimakhudzana ndi chinamwali cha atsikana. Anamkungwi ankaphunzitsa namwali kutali ndi maso a anthu, ndipo woulula zakumeneko ankapalamula mlandu. Sikuti zonse za m'chinamwali zinali zabwino ayi: kusasa fumbi kwawononga ana ambiri. Koma mfundo yakuti thupi la munthu si la pabwalo ndi yathu yomwe, sitinachite kubwereka.

Dedza yemweyu anaonetsa dziko kuti mwambo woipa umatheka kuuthyola. Inkosi Theresa Kachindamoto, amene anagwira ntchito ya ulembi zaka 27 pa sukulu ya zaubusa ku Zomba asanalongedwe ufumu mu 2003, anathetsa maukwati a ana oposa 850 pofika 2016, n'kubwezera anawo kusukulu. Anasainitsa mafumu awo pangano, ndipo ophwanya panganolo ankaimitsidwa pa udindo. Mu 2015 Nyumba ya Malamulo inakhazikitsa zaka 18 ngati msinkhu wokwatira, ndipo mu 2017 malamulo aakulu a dziko anasinthidwa kuti agwirizane nazo. Inkosiyi inamwalira mu Ogasiti 2025, koma njira yawo idakalipo: kuitchula nkhanza ndi dzina lake pabwalo, ndi kulanga wolakwa m'malo mwa wolakwiridwa.

Malamulo okhudza foni nawo alipo. La 2016 loona za intaneti limati kuzunza, kuopseza kapena kulondalonda munthu kudzera pa foni ndi mlandu, ndipo zithunzi zolaula za ana n'zoletsedwa kotheratu. La 2006 lothana ndi nkhanza za m'banja limawerengera kumana mnzako ndalama ngati nkhanza. Kupolisi kuli nthambi yothandiza ozunzidwa, ndipo mwana akhoza kuimba mwaulere pa 116. Chimene chikusowa ndi anthu oyankhula msanga, chifukwa mabanja ambiri amasankha kubisa poopa manyazi.

Ndiye ntchito yatsala kwa ife. Mayi aliyense alembetse simu pa chiphaso chake, ndipo ma ejenti asamalole kuti wina azimutchulira nambala yachinsinsi. Ankhoswe polangiza banja latsopano aziikamo nkhani ya foni ndi ndalama. Anyakwawa aziweruza wofalitsa chithunzi monga amaweruzira wotukwana pagulu, ndipo nkhaniyo ikakhala ya mwana aziitumiza kupolisi. Inu abambo ndi anyamata, chithunzi chotero chikafika pagulu lanu, musachitumize kwina, ndipo wotumizayo mum'dzudzule pomwepo anzanu akuona. Mwana wa mnzako ngwako yemwe.